Chaka Chimene Tinadya Tsekwe

Bambo anga sanabadwire m'dziko lino. Anachokera kumunsi, kumene mtsinje wa Shire umathira mu Zambezi, ndipo anafika kwathu ku Nyachikadza akali mnyamata, ali okha m'bwato laling'ono, atathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. M'zikhatho mwawo munali zipsera za mbalamatodya, thabwa lija lomenyera anthu m'manja, zimene ndinkazitsata ndi chala ndili wamng'ono osadziwa kuti zinabwera bwanji. Katundu analibe. Wachibale analibe. Anafika ndi nkhafi, nsalu ya m'chiuno, ndi dzina la mtundu wa atate awo, limene ndi Tsekwe, monga mmene imatchedwera mbalame yaikulu ija ya m'madambo, yakuda kumsana, yoyera kumimba.

Kuti nkhani iyi imveke, ndiyenera kufotokoza miyambo iwiri imene inakumana m'nyumba mwathu. Kwa Asena, kumene bambo anabadwira, mwamuna amapereka chuma kwa makolo a mkazi, ndipo ana amakhala ake ndi a mtundu wake. Kwa Amang'anja, kumene kuli kwawo kwa mayi, mwamuna amakamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ndipo ana amakhala a mbumba ya amalume awo. Bambo analibe chuma choti apereke, motero mwambo wa kwawo sunawapatse ana. Anakhala mkamwini, motero mwambo wa kwa mayi sunawapatsenso ana. Munda umene ankalima unali wa mayi. Bwalo limene ankakhalapo linali la mayi. Ife tikadwala, woombeza ankafunsidwa ndi amalume, mlongo wawo wa mayi. Bambo ankangouzidwa zimene zagamulidwa.

Chimodzi chokha anatipatsa chimene amalume analibe nacho mawu. Munthu wa mtundu wa Tsekwe sadya tsekwe, saipha mbalameyo, ndipo sadyera m'chiwiya chimene yaphikidwamo. Akadya, mano ake amaguluka. Bambo ankatiphunzitsa zimenezi mosanyengerera, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, pakuti ana ena awiri a pakati pathu anamwalira ali makanda. Anthu ena onse a m'mudzi ankadya atsekwe momasuka, ndipo ana anzathu ankatinyogodola potinunkhitsa mafupa. Koma ine ndinkanyada. Ndikakana nyamayo kunyumba kwa eni, akuluakulu ankaseka nati, "Musiyeni, ameneyo ndi mwana wa Msena uja." Mawu amenewo akafika kwa bambo, tsiku limenelo ankalima akuimba. Ndinazindikira mochedwa chifukwa chake: pa nkhani ya mbalame imeneyi pokha ndi pamene mudzi unkavomereza kuti ndine mwana wawo.

Mayi analibe choletsa chotere, koma analeka kudya nyamayo chifukwa cha mtendere wa m'nyumba. Amalume okha ndiwo sanaleke nthabwala. Anali munthu wanthabwala zambiri, wodziwa dambo kuposa aliyense, ndipo bambo sankawada. Akakumana pa dooko amalume ankati, "Mlamu, abale anu andidyera mpunga wonse. Ndikadandaule kwa yani, poti mkulu wawo ndinu?" Bambo ankayankha kuti, "Amadya kwa alamu awo, alakwa chiyani?" Onse awiri nkuseka.

Patapita zaka zochepa nkhondo ya Ajeremani itatha, kunagwa njala. Chaka choyamba madzi anasefukira nakokolola nkhokwe zambiri za m'mudzi mwathu. Chaka chotsatira mvula inagwa kawiri kokha nileka. Mapira anapsa asanatulutse ngala. Madimba, amene amatipulumutsa zaka zina chifukwa cha chinyontho chimene mtsinje umasiya, anauma nang'ambika ming'alu yolowa phazi. Pa nthawiyo ndinali ndi zaka ngati khumi ndi zitatu, ndipo mlongo wanga anali ndi zisanu ndi chimodzi.

Tinayamba kudya nyika, mizu yobulungira ya maluwa oyandama a m'dambo. Akazi amalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, naifufuza m'matope ndi zala za kuphazi, maso ali tcheru chifukwa cha ng'ona. Nyika imadzaza mimba, koma siipatsa mphamvu munthu amene akuidya yokha m'mawa ndi madzulo. Nsomba zinasowa, pakuti anthu a kumtunda anatsikira onse kudambo, ndipo pa thamanda lililonse panali anthu ambiri kuposa nsomba. Bambo anapita kunjanji kukafuna ganyu, nakapeza anthu mazana atakhala pansi kudikira ntchito ya anthu khumi. Anabwerako atawonda kuposa mmene anapitira.

Mlongo wanga ndiye anayamba kufooka. Nyika inkamutsegula m'mimba. Tsitsi lake linafiira nkukhala lofewa ngati la khanda, mapazi anatupa, ndipo analeka kusewera. Ankangokhala pamkeka pakhonde, akuyang'ana nkhuku za eni zimene zinali zisanaphedwe, mpaka nazonso zinatha.

M'miyezi yozizira atsekwe amathothoka nthenga za m'mapiko, ndipo kwa masabata angapo satha kuuluka. Chaka chimenecho madzi anatsala m'malo ochepa, motero mbalamezo zinaunjikana m'mabango a dambo la Ndinde zochuluka monga sizinaonekerepo. Amuna ankapita ndi agalu ndi zibonga, nabwerako atanyamula awiriawiri. M'mudzi monse munayamba kumveka fungo la mafuta. Nyumba yathu yokha ndiyo inalibe.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu amalume anafika atagwira tsekwe m'khosi. Bambo anali pakhonde akusoka mono wong'ambika.

"Odi, mlamu! Ndabwera ndi mbale wanu, akuti adzaone wodwala."

Bambo sanaseke. "Alamu, chotsani chimenecho pabwalo panga."

"Pabwalo panu? Munabwera nalo m'bwato bwaloli?"

"Ana anga sadya chimenecho. Mukudziwa."

"Ndikudziwa kuti mwana wa mlongo wanga akufa," anatero amalume, ndipo nthabwala inali itawachoka pankhope. "Tamuyang'anani. Ana anzake onse adzuka ndi msuzi umenewu. Inu mukufuna timuike m'manda ali ndi mano onse?"

"Nkhabe," anatero bambo. Mawu amenewa ndi a Chisena, kutanthauza kuti ayi, ndipo bambo ankabwerera ku chinenero chawo akapanikizika. "Nkhabe, alamu. Munda ndi wanu, nyumba ndi yanu, ndavomera zonse. Ichi chokha ndisiyireni."

"Tambala wobwereka salamula anapiye, mlamu."

Mayi anatuluka m'nyumba nati, "Achimwene, mawu amenewo ayi." Koma sananene kuti mbalameyo ichoke. Anaima pakati pa amuna awiriwo akuyang'ana pansi.

Pamenepo bambo anapempha masiku atatu. Anati apita kukakumba dowe, nsomba yaitali ija imene imadzikwirira m'matope madzi akauma, ndipo akaipeza mwanayo adzamwa msuzi wake. Amalume anavomera monyinyirika, natenga mbalame yawo. Bambo ananyamula khasu ndi chikho cha madzi, napita tsiku lomwelo.

Masiku atatu anatha osabwera. Tsiku lachinayi mlongo wanga analephera kudzuka, ndipo akaitanidwa ankangotembenuza maso. Mayi sanafunse munthu. Anapita kwa amalume nabwerako ndi mphika wa kumeneko, pakuti ngakhale pamenepo sanafune kudetsa ziwiya za bambo. Anamukhazika mwanayo pamiyendo namumwetsa msuzi pang'onopang'ono ndi chipande. Poyamba anakana, nati, "Ababa anati ayi." Mayi anati, "Ndi nkhuku, mwanangu, imwa." Anamwa.

Kenaka mayi anandiyang'ana ine. Sanandinamize monga anamunamizira mwanayo, pakuti ndinali wamkulu ndipo mphikawo ndinkaudziwa. Anangoti, "Iwe uona wekha." Nalowa m'nyumba.

Ndikufuna kulemba zoona pano, ngakhale zindichititse manyazi. Sindinali pafupi kufa. Ndinali ndi njala yaikulu, koma ndinkayenda, ndinkatunga madzi, ndipo ndikadatha kudikira. Ndinakhala pafupi ndi mphikawo nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti ndingolawa msuzi ndi chala. Nditalawa, ndinatenga ntchafu. Nditamaliza ntchafu, ndinaphwanya fupa ndi mano nkuyamwa mafuta a m'kati. Palibe chakudya chimene ndadyapo chiyambire chimene chinandikomera ngati chimenecho, ndipo ichi ndicho chimandiwawa koposa.

Bambo anafika dzuwa litapendeka, matope atawaumira mpaka m'ntchafu, atanyamula dowe mmodzi wamng'ono wosaposa mkono wa mwana. Anandipeza ndili ndi fupa m'manja. Anayang'ana fupalo, nayang'ana mphika, nayang'ana pakamwa pa mlongo wanga pamene panali kunyezimira. Ndinayembekeza kumenyedwa, ndipo ndikadakondwa kumenyedwa. Iwo anangoika nsombayo pamkeka nati kwa mayi, "Ndachedwa tsiku limodzi." Mayi anati, "Inde."

Kuyambira m'mawa mwake bambo anayamba chizolowezi chachilendo. Kukacha ankatiitana tonse awiri pakhonde, natiuza kuti tiyasame. Ankagwira dzino lililonse ndi chala chachikulu, naligwedeza pang'ono, kuyambira a kutsogolo mpaka a kumatsagwidi. Ine ndinkaganiza kuti akuopa. Ndinkayasama, ndipo akapeza kuti onse ngolimba ndinkapuma, ndikuyesa kuti nawonso apuma.

Tsiku lachitatu dzino la kutsogolo la mlongo wanga linagwedera. Tsiku lachisanu linaguluka, nagwera m'dzanja la bambo.

Nkhope yawo pa nthawi imeneyo sindidzaiiwala. Misozi inali kutsika, koma sanali ngati munthu amene tsoka lamugwera. Anamunyamula mwanayo, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, namuika pachifuwa akulankhula naye Chisena chokhachokha. Anatuluka naye mpaka kunyumba kwa amalume, natambasula dzanja.

"Alamu, taonani. Munati si wanga?"

Amalume anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo ndinaona kuti kuseka kunali kutayamba kale. Koma mayi, amene ankatsatira pambuyo, anati msanga, "Achimwene!" Anangotero. Amalume anawayang'ana mayi, nameza mawu awo, nati, "Ndaona, mlamu." Chiyambire tsiku limenelo sanatchulenso nkhaniyo, kapena kuchita nthabwala ya atsekwe.

Bambo sanaletsenso msuziwo. Anati cholakwa chachitika kale ndipo mtundu walanga kale. Tsopano mwanayo adye achire. Anadya masabata awiri naoneka ngati akudzuka. Anayamba kukhala tsonga, ndipo tsiku lina anandipempha kuti ndimuumbire ng'ombe ya dothi. Koma atsekwe anamera nthenga nauluka, nyika inabwerera, ndipo kutsegula m'mimba kunabwerera nayo. Anamwalira mvula isanagwe. Amalume ndiwo anasankha malo a manda, pakati pa akufa a mbumba yawo. Bambo anapatsidwa ntchito ya mkamwini aliyense, yokumba.

Pa maliro ena ankanong'ona kuti yamupha ndi mbalame, ena kuti ndi njala. Bambo sanatsutse a mbali iliyonse.

Mano anga anapitiriza kuwayesa mwezi wathunthu pambuyo pa maliro. Tsopano ndinali nditayamba kumvetsa chimene chala chija chinkafuna, ndipo ndinkachita mantha a mtundu wina. Ndikakhala ndekha kudambo ndinkadzigwedeza dzino la kutsogolo ndi mphamvu, mpaka nkhama kutuluka magazi. Kamodzi ndinaluma mwala. Dzino silinasunthe. M'mawa wina bambo anagwira awiri okha, naleka, napukuta chala pansalu.

"Mano ako ngolimba," anatero. "Ngati a amalume ako."

Sanandiitanenso pakhonde. Sanandichitire nkhanza, ndipo sanawanenere mayi chilichonse choipa. Sindikhulupirira kuti anawakayikira m'njira imene owerenga ena angaganizire. Chimene anaona ndi chakuti mtundu wa atate awo unamuzindikira mwana wamkazi numulanga, koma ine unandidutsa ngati mlendo. Mbumba ya mayi inali itanditenga yense. Analeka kundilankhula Chisena. Analeka kunditenga popita kukatchera miono. Mphunzitsi wa sukulu ya mishoni atabwera kudzapempha kuti ndikapitirize maphunziro kumtunda, bambo anamuyankha mwaulemu kuti, "Kafunseni eni ake," namulozera nyumba ya amalume.

Tsopano ndili m'chaka chachiwiri pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Pakati pa maphunziro athu pali la zaumoyo, ndipo m'menemo tinaphunzira za mano: kuti mwana aliyense amamera mano oyamba, amene amayamba kuguluka akafika zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, kuyambira a kutsogolo, kaya wadya chiyani kapena sanadye. Sichinali chinthu chatsopano. Mwana aliyense wa m'mudzi anaponyapo dzino lake padenga. Koma kuchiona chitalembedwa m'buku, ndi chithunzi cha nsagwada pambali, kunandilimbitsa mtima. Ndinadziuza kuti ndapeza chimene chidzandibwezere bambo anga. Ngati dzino la mlongo wanga linaguluka chifukwa cha msinkhu, ndiye kuti mbalameyo siilanga munthu aliyense. Ndipo ngati siilanga aliyense, kulimba kwa mano anga sikunena kanthu za ine. Ndinakonza mawuwo mwadongosolo, ndinawalemba papepala, ndinawaloweza pamtima ndili m'sitima.

Pa tchuthi chapitachi ndinawapeza bambo pansi pa mtengo wa masawu, akupota chingwe cha mlaza pantchafu. Akalamba msanga. Anandilonjera ndi ulemu umene amandipatsa masiku ano, umene umandiwawa kuposa chitonzo.

"Mwafika, aphunzitsi? Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, ababa. Ndili ndi mawu."

"Nenani."

Ndinanena zonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, monga ndimachitira pamaso pa otiyesa. Ndinafotokoza za mano oyamba ndi achiwiri. Ndinawakumbutsa msinkhu wa mlongo wanga. Ndinati nyama siigulula dzino la munthu, ndipo likadaguluka ndithu ngakhale akadapanda kulawa msuziwo. Pomaliza ndinati, "Choncho, ababa, musandione ngati wa eni. Ndine wanu monga iyenso anali wanu."

Anandilola kumaliza osandidula. Manja awo anali ataleka kupota.

"Aphunzitsi," anatero, "mukuyesa ine sindinaonepo mwana akuguluka mano?"

Iwo anapitiriza.

"Amayi anu anadziwa kuti unali msinkhu chabe. Amalume anu, wapakamwa uja, anadziwa. Zaka zonsezi wakhala chete." Anayang'ana chingwe chija nachikoka kuti aone kulimba kwake. "Ndinachoka kwathu ndilibe kanthu. Kuno ndinapeza dzino limodzi. Mwakwera sitima ulendo wonsewu kudzanditengera limenelo?"

"Sindinafune kutero, ababa."

"Ndikudziwa. Mwaphunzira bwino." Anaweramiranso ntchito yawo. "Pitani mukaoneke kwa amalume anu, angamve kwa anthu kuti mwafika."

Ndinakhala kumudzi masabata atatu. Tinkadya pamodzi, tinkalankhula za thonje ndi za madzi a mumtsinje. Tsiku lobwerera anandiperekeza mpaka pa dooko, nandinyamulira bokosi, ndipo nditafuna kuwalanda anakana, nati si bwino munthu wa sukulu kunyamula katundu pamutu. Mayi anandinong'oneza kuti chiyambire tsiku la pansi pa msawu lija bambo sanapitenso kumanda a mlongo wanga, kumene kale ankapita sabata iliyonse kukazula udzu.

Ndayesa kangapo kuwalembera kalata. Bambo sadziwa kuwerenga, ndipo m'mudzi mwathu wowawerengera ndi mwana wa amalume. Komanso sindidziwa choti ndilembe. Kubweza mawu anga kungakhale kunama, ndipo iwo angadziwe kuti ndikunama. Mapepala atatu ali m'bokosi langa, lililonse lili ndi malonje okha.